Mutu wa Ababa Unatsala kwa Saidi

Anthu amati ine ndimameta bwino kuposa mng'ono wanga Saidi, ndipo sanama. Pitani kwa Mponda mukafunse anyamata a kabaza, akuuzani kuti fedi yeniyeni, ija tsitsi limachita kuzilala pang'onopang'ono kuchokera pakhosi mpaka pamwamba osaona polekezera, imapezeka kwa ine. Saidi mpaka lero mzere wa pamphumi amaukhotetsa. Koma nsanje imene ndili nayo pa mwana ameneyo, walahi, ndikaikamba anthu amaseka. Amati, "Iwe mipando itatu, mnzako umodzi wothyoka mwendo, ukufunanso chiyani?" Ndimangowayang'ana, chifukwa sadziwa.

Ababa athu anali munthu wa mawu owerengeka. Unyamata wawo wonse anathera ku Nkhudzi akukoka makoka, ndipo atakula anabwerera kwa Mponda n'kumasoka maukonde a anthu pakhonde. Tsiku lonse mawu awo anali "ee", "iyayi", "tunga madzi", basi. Amama ankati anakwatiwa ndi chitsa.

Koma panali Lachinayi. Madzulo a Lachinayi lililonse ababa ankameta mpala ndi kudulira ndevu, kukonzekera Ijumaa, mapemphero athu a Lachisanu, ndipo wowameta ndinali ine kuyambira ndili mnyamata. Ankakhala pampando wa ndalema, ine n'kuwapaka sopo m'mutu. Lezala ikangoti khwee koyamba, ankatseka maso, ndiye lilime linkamasuka. Abale, munthu uja ankayankhula! Za momwe agogo anafikira kuno kuchokera kutsidya, za bwato limene linawagudubuzira pakati pa mwera, za mkangano wawo ndi achimwene awo umene pakhomo sunkatchulidwa, za anthu amene ankawakhulupirira ndi amene ankangowapatsa salamu ya pakamwa. Nthawi zina ankaseka mpaka ndinkachita kuimitsa lezala. Ndikamaliza ankasamba m'mutu, kutola tsitsi lawo lonse okha, kukalikwirira kuseri kwa nyumba, kuvala mzuli, ndipo pakamwa pankatsekekanso mpaka Lachinayi lina. Amama sankawadziwa ababa amenewo. Saidi sankawadziwa. Ndinkawadziwa ndekha, ndipo ndinkayenda nazo pamtima ngati munthu wobisa shuga m'thumba.

Kenako inafika nyengo ija mnyamata aliyense wa ku Mangochi ankalota Joni. Anzanga ankabwera pa Idi atavala nsapato zoyera, akumanga nyumba za malata, ine ndikumeta ana a sukulu ndi sizasi pansi pa mtengo wa mango. Mtima unandiwawa. Ndinagulitsa njinga, ndinapeza tilansipota, mmodzi wa aja onyamula anthu ndi katundu pakati pa kuno ndi Joni, ndipo ndinawauza ababa Lachinayi, lezala ili pamutu pawo. Maso ali chitsekere anati, "Nanga mutu uwu uusiyira ndani?"

"Saidi alipo, ababa."

"Ameneyo angandisende ngati chinangwa."

Tinaseka. Masiku otsalawo ndinamuphunzitsa Saidi kugwira lezala pa malambe. Mukudziwa ubweya uja umakhala pa chigoba cha malambe? Ndinkamuuza kuti aupale wonse osakanda chigobacho. Anakanda malambe ambiri mwana uja, ine ndikumukalipira. Sindinadziwe kuti ndikunola mpeni wodzandicheka ndekha.

Za ulendo sindikonda kukamba. Kutentha kwa ku Tete, kukhala mopanikizana ngati usipa m'dengu, kutsika pamalire n'kumayenda pansi mtima uli m'mwamba. Ndinakafikira ku Debeni, m'chipinda chimodzi ndi anyamata a kwathu ochuluka moti ogona ankasinthana ndi opita kuntchito. Mkulu wathu m'menemo anali Che Jafali a ku Chowe, munthu wamkulu kale, wogwira ntchito m'sitolo ya nsalu. Ndiwo ankatiphikira, ndiwo ankatidzutsa pa swala, pemphero la m'mawa, ndiponso ndiwo ankatinyogodola tonse mosasiya ndi mmodzi yemwe.

Che Jafali ndiwo anandipezera malo kwa Papi, Mkongo wina amene anali ndi tenti yometera pafupi ndi renki ya mataxi. Tsiku loyamba Papi anandipatsa mashini a magetsi, ine n'kuwagwira ngati khasu. Anandilanda, n'kundiuza kuti ndizisesa tsitsi kaye ndikuonerera. Munthu uja anali ndi mkwiyo, koma dzanja lake linali la golide. Kwa iyeyo ndinaphunzira kuti kumeta si kuchotsa tsitsi ayi. Ndinaphunzira kusintha zipeso za pamashini, kuyamba ndi yaing'ono pakhosi n'kumakwera, kupukuta mzere wa pakati mpaka usowe. Ndinaphunzira kudula mzere wa pamphumi ndi lezala kuti uongoke ngati wa rula, kusema ndevu, kupaka mankhwala akuda pomwe tsitsi lathothoka kuti bambo wa dazi atuluke ngati mnyamata.

Ndipo masitayilo kumeneko sakhalitsa. Nditafika, aliyense ankafuna chisikopo, mpala wathu womwewu. Kenako kunabwera mohoki, anyamata kumayenda ndi lipombo ngati atambala. Kenako mizere ya m'mbali, wina iwiri, wina nyenyezi, wina chilembo cha dzina la chibwenzi chake. Kenako fedi inalanda dziko. Munthu ankangofika, kutulutsa foni, kukuonetsa wosewera mpira wa kunja n'kunena kuti, "Ndifuna chonchi." Mutu wake ngati papaya, wa pachithunzi ngati dzira, koma iwe uchite zotheka. Ndinkachita. Pasanapite nthawi anthu anayamba kudikira mpando wanga n'kumaulambalala wa Papi, iye n'kumatukwana m'chinenero chake.

Koma mitu ya kumeneko siinkandiyankhula. Munthu ankakhala pampando, foni kukhutu, akuseka ndi wina kutali m'Chizulu. Wina ankanditchula kwerekwere, dzina lonyozera alendo, ine nditamugwira lezala pakholingo, osaopa n'komwe. Akamaliza kudziyang'ana pagalasi, kulipira, ulendo. Lachinayi likafika manja anga ankachita kuyabwa.

Ndalama zitayamba kuoneka, ndinagula mashini abwino n'kupatsira tilansipota kuti akampatse Saidi. Ndinkati mwana apezeko ya sopo, asamangodalira ine. Anakhoma kakanyumba ka matabwa pafupi ndi msika, anapeza batire ya galimoto yoti izimuthandiza magetsi akazima, n'kuyamba kumeta. Ndinkanyadira. Ndinkauza anzanga kuti mng'ono wanga ndamuimika ndine.

Vuto linali foni. Ndikaimba kumudzi, ababa pafoni anali ababa a Lolemba.

"Muli bwanji, ababa?"

"Tili bwino."

"Mvula ikugwa?"

"Ikugwa."

"Nanga miyendo ija?"

"Ilipo. Nayu Saidi."

Ndiye Saidi n'kulandira foni ali wosangalala. Tsiku lina anangoti, "Achimwene, dzulo ababa anandisunga mpaka swala ya Magharibi, ya dzuwa litalowa, itatsala pang'ono, makasitomala kuchita kubwerera. Nkhani yake siinathenso, akuti tidzapitiriza."

"Nkhani yanji?"

"Aaa, zawo zomwe zija."

Zawo zomwe zija! Mwana woti dzana lomweli ankakanda malambe, lero akuti zawo zomwe zija, ngati iye ndi ababa ndi anthu a bwato limodzi. Ndinadula foni. Tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Che Jafali atandifunsa, ndinawauza zonse, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

"Anzako muno akuonda ndi nsanje ya akazi awo, kuopa kuti kumudzi alipo wina akuthyola nkhuni pakhomo. Iwe nsanje yako ndi ya dazi la abambo ako! Mashaallah, izi sindinazionepo."

Chipinda chonse chinaseka, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankanditcha Mkazi Wamkulu. Ndinkaseka nawo, koma m'kati munkapsa.

Panali nkhalamba ina ya kumzikiti kwathu kumeneko, ya ndevu zoyera, imene inkabwera kudzameta mpala. Ndinaiuza kuti izibwera Lachinayi, ndiziimeta ndi sopo ndi lezala, osalipira. Papi anati ndapenga. Nkhalamba ija inkabwera ndithu. Ndikaipaka sopo inkatseka maso bwinobwino, ine n'kutchera khutu kuti mwina iyamba kuyankhula. Inkagona tulo. Mkonono pwepwete, pakati pa phokoso la mataxi. Ndinaimeta choncho miyezi ingapo mpaka ndinatopa nayo.

Chimene chinandimaliza ndi chithunzi. Saidi anatumiza pafoni kuti ndione momwe wapentera kanyumba kake. Pakhoma anajambulitsa mitu ya anyamata ya masitayilo osiyanasiyana, yonse yopindika, koma ine sindinaone zimenezo. Ndinaona ababa. Anali atakhala pampando wa Saidi, nsalu pakhosi, maso otseka, pakamwa potsegula pakati pa mawu, ndipo pamutu pawo panali mashini anga aja. Ababa amene ankati mashini a magetsi ndi ometera nkhosa! Anasiya khonde lawo n'kumayenda wapansi mpaka kumsika, miyendo yowawa, kutsata dzanja la Saidi. Chithunzicho ndinkachikuza ndi zala, kuyang'ana milomo yawo, ngati ndingamve chimene ankanena.

Mufunsa kuti bwanji sunabwerere. Funsani aliyense amene anakhalako. Masiku a papasipoti anali atatha kalekale, ukatuluka kulowanso ndi nkhondo. Nyumba kumudzi inali pa windo, kenako pa denga, kenako pulasitala. Chaka chilichonse ndinkati Idi ikubwerayi, Idi n'kudutsa. Che Jafali ankati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwanawe, wa pachala ngwa mphepo." Ine ndinkayesa akunena za ndalama.

Chinandichotsa ndi chipolowe. Tsiku lina m'mawa kunamveka kuti akusaka alendo, ndipo pofika masana tenti ya Papi inali phulusa. Ndinathawa ndi kachikwama ka mashini kokha. Tinabisala kumzikiti masiku angapo, Amalawi, Akongo, Asomali, tonse pamkeka umodzi. Papi, munthu wa mkwiyo uja, ankalira ngati mwana, ine n'kumamumeta ndi mashini a batire kuti mtima ukhale pansi. M'menemo ndinameta aliyense, chifukwa panalibe china chochita. Zitazizira Papi anati tiyambirenso, koma ine mtima unali utanyamuka kale.

Ndinafika kwa Mponda kumayambiriro kwa sabata. Amama anandigwira kumaso akulira, akuti ndanenepa ngati bwana. Saidi ndinamupeza ali ndi ndevu, mkazi ndi ana awiri. Ababa anali atachepa. Mapewa aja okoka makoka anali atagwa, khosi litatsala mitsempha. Anandipatsa dzanja, anati, "Wafika. Alihamudulila." Basi. Sindinadandaule, ndinkadziwa kuti Lachinayi likubwera.

Ndinawabweretsera mkanjo woyera wa nsalu yolemera. Lachinayi masana ndinatulutsa mpando wa ndalema uja pakhonde, ndinatenthetsa madzi, ndinakonza thaulo lotentha monga tinkachitira kwa Papi, sopo wonunkhira, lezala yatsopano. Saidi atafika kudzawatenga ababa pa njinga, anapeza zonse zili m'malo.

"Lero ndimeta ine," ndinatero.

Anayang'ana ababa, ababa anayang'ana pansi. Kenako Saidi anati, "Chabwino, achimwene. Kungoti kuseri kwa khutu lakumanzereko..."

"Iwe! Ukufuna undiphunzitse mutu wa ababa? Mutu uwu ndinauyamba iwe ukuyenda wopanda kabudula."

Anakakhala pa njerwa chapatali. Ababa anavala mkanjo watsopano uja kuti andisangalatse, n'kukhala pampando. Ndinawafunditsa thaulo lotentha, iwo n'kudzidzimuka. Ndinawapaka sopo. Lezala inati khwee. Ndinadikira.

Maso sanatseke. Ankayang'ana nkhuku pabwalo, khosi litauma ngati munthu amene ali pa mzere wa jakisoni. Ndinapala mbali yonse ya kumanja, pang'onopang'ono, kuwapatsa mpata. Patapita nthawi anati, "Kumeneko nsomba zimapezeka?"

"Zimapezeka, ababa, koma za m'nyanja ya mchere."

"Oho."

Funso la mlendo. Funso loti umafunsa munthu amene mwakumana naye m'minibasi. Ndinafulumira kuti mwina ndikafika kumbuyo, kumene kale ankakonda kuti ndizikanda pang'ono, amasuka. Mutu umenewo ndinkaudziwa ngati njira ya kuchitsime, kapena ndinkayesa choncho. Koma khungu linali litafewa, likutsetsereka pansi pa chala. Ndipo kuseri kwa khutu lakumanzere kunali kachotupa kangati nyemba, kobisika m'khwinya ndi m'thovu la sopo, kamene kanamera ine kulibe. Lezala inakadula pamwamba.

Ababa sanakuwe. Anangoti, "Sss." Magazi anatsika m'khosi, kulowa m'kolala ya mkanjo woyera uja, ndipo sankaleka. Ine amene ndinameta Debeni yense osatema munthu, ndinaima ndi lezala m'manja ngati chitsiru. Saidi anafika osathamanga, anatulutsa thonje ndi sipiriti m'thumba la malaya, zimene zikuoneka kuti ankayenda nazo Lachinayi lililonse, anapinda khutu lija ndi chala chimodzi n'kudinikiza. Sanandiyang'ane. Bola akanandinyoza.

Magazi atasiya, ababa anati, "Malizitsa iwe, Saidi."

Ndinamupatsa lezala. Ndinatenga beseni la madzi kuti ndikhale ndi chogwira. Saidi anaika dzanja lake pamutu paja, kagwiridwe kake kolakwika komwe kaja, chigongono m'mwamba. Ababa anapuma mpweya wautali, mapewa anatsika, maso anatseka.

"Ndiye mkulu uja atafika padoko paja," anayamba choncho, mawu aja ndinawasowa zaka zonsezi, "anapeza kuti mkazi wanyamula kale katundu. Paja ndinakuuza kuti anali mwana wa ndani?"

"Munandiuza, ababa," anatero Saidi.

Sindinkamudziwa mkuluyo, sindinkalidziwa dokolo. Ndinasendera pafupi, madzi a m'beseni n'kukhavukira pansi. Ababa anatsegula diso limodzi, anandiona, ndipo nkhani inaima.

"Tapita ukaone ngati amako akufuna thandizo kuseriko."

Ine, bambo wa ndevu zanga, womanga nyumba ya malata imene anakhala pakhonde pakeyo. Ndinapita. Ndinakakhala pa mtondo kuseri, amama akundifunsa chimene chandilowa m'maso, ndipo kuchokera pakhonde ndinkamva ababa akuseka.

Ndinatsegula malo anga ometera pamsewu, a galasi lalikulu, sola padenga, nyimbo, mipando yozungulira. Anyamata anakhamukira kwa ine, ena kuchokera ku Chowe pa njinga, kufuna fedi ya ku Joni. Makasitomala a Saidi achinyamata ndinawatenga pafupifupi onse, ndipo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono. Iye anatsala ndi nkhalamba zake ndi ana a sukulu. Ababa anabwerako kamodzi kudzaona. Anayang'ana mnyamata amene ndinkamumeta, m'mbali mopalidwa, pamwamba chitsamba, n'kunena kuti, "Munda wa mlesi, kulima m'mphepete kusiya pakati." Ndinawapempha kuti akhale pampando wozungulirawo, Lachinayi likubweralo ndidzawatenge ndine. Anandigwira paphewa.

"Dzanja la Saidi ndalizolowera, mwanangu. Iwe uzimeta anyamatawa, ukuwatha."

Lachinayi lililonse ndinkawaona akudutsa pamsewu, atakwera kumbuyo kwa njinga ya Saidi, atagwira mzuli kuti usauluke. Ndinkatembenuza kasitomala kuti ndiyang'ane kukhoma.

Anamwalira mvula itangotha, atadwala masiku ochepa. Tinawaika tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chathu. Pamaliro anthu ankati, "Anali munthu wachete, sankayankhula," ine ndi Saidi n'kuyang'anana kamodzi, kenako aliyense kumbali.

Sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi, itadutsa, tsitsi langa linali litakula, chifukwa wometa sadzimeta kumbuyo. Anyamata amene ndinawalemba ntchito akanatha kundimeta. Koma ndinatseka chitseko masana, ndinayenda mpaka kumsika, n'kulowa m'kanyumba ka matabwa kaja. Munalibe munthu. Saidi anadabwa, anapukuta mpando ndi nsalu, ine n'kukhala. Unkagwedera.

"Timete bwanji, achimwene? Fedi ine mukudziwa kuti sinditha."

"Mpala."

Anandimanga nsalu pakhosi, anayatsa mashini. Ndinamulekerera mpaka atafika pakati pa mutu, ndiye ndinalimba mtima.

"Saidi, zaka zonse zija ine kulibe, ababa ankanditchula?"

"Ankakutchulani."

"Kawirikawiri?"

"Kawirikawiri."

"Ankati chiyani? Anakwiya kuti ndinachedwa? Kapena ankati ndinachita bwino? Tandiuza ngakhale kamodzi kokha, iwe. Ndikupatsa mpando umodzi wozungulira uja, ndi galasi lomwe."

Mashini anazima. Ndinamuona pagalasi lake losweka pakona, maso atafiira, akuyang'ana pamutu panga. Ndinadziwa kuti zilipo, zambiri, zadzaza m'mimba mwakemo, ndipo ndi zanga.

"Achimwene, zimene munthu wayankhula lezala ili pamutu sizituluka pakhomo. Ndinu munandiuza, tsiku lomwe munkakwera galimoto. Inuyo zanu zija munauzapo ndani?"

Anayatsanso mashini, n'kuika chala pakhosi panga.

"Taweramani pang'ono."

Ndinawerama.